Musanaphimbe Boneti ya Vani Yanu

Mlungu sutha wina asanandifunse kuti, "Kodi eni mavani aja amavekeranji boneti chikopa chakuda? Nanga ena amamatirapo chiyani masitika? Ine ndichite ziti?" Ndayankha ndili chilili, ndayankha pafoni, ndayankha manja ali thovu lokhalokha, mpaka malovu auma m'kamwa. Lero ndalemba kamodzi, ndipo wofunsanso ndizingomulozera pano.

Tiyambe ndi chifukwa chake, poti ambiri amagula chinthu asanadziwe vuto limene akufuna kuthetsa.

Yang'anani vani chakumbali, kaya ndi Ford Transit, Mercedes Sprinter, Volkswagen Transporter kapena Toyota HiAce. Boneti yake ndi yaifupi ndipo yachita ngati kuimirira, kusiyana ndi ya galimoto yaing'ono imene imagona chafufumimba. Kamwala kolasidwa ndi tayala la lole yakutsogolo kakafika pa boneti yogona kamangoseseleka, koma pa vani kamamenya mwachindunji ngati legeni. Komanso vani ndi galimoto yantchito, imakhalitsa pamsewu. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kamwalako imawirikiza kanayi. Tsono penti yense wa kufakitale, kuyambira pulayimala (penti wapansi wogwira chitsulo), mtundu, mpaka vanishi wapamwamba, kuchindikala kwake kumangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ngati pepala limodzi la m'kope. Kamwala kakaboola pamenepo, chitsulo chimatsala pamtunda, ndipo dzimbiri silichedwa. Onjezerani dzuwa pamwamba, kutentha kwa injini pansi, tizilombo tophwanyikirapo, zitosi za mbalame ndi utomoni wa mitengo. Palibe chitsulo china pa vani chimene chimazunzika ngati boneti.

Chimenecho ndicho chifukwa chachikulu. Zina n'zazing'ono koma n'zoona. Boneti yoyera kapena yonyezimira imabwezera dzuwa m'maso mwa dalaivala, ndiye ena amaidetsa ndi mtundu wakuda wosawala, monga ankachitira pa magalimoto ampikisano a rally ndi pamphuno za ndege zankhondo. Ena anachita ngozi n'kugula boneti yakale ya mtundu wina, ndiye akubisa kusiyanako. Ena akutsatsa bizinesi. Ndipo ena amangoikonda galimoto yawo. Musawaseke amenewa. Ku Manila, m'dziko la Philippines, ma jeepney, magalimoto onyamula anthu amene anachokera ku majipi osiyidwa ndi asilikali a ku America nkhondo itatha mu 1945 anatchuka ndi tiakavalo tachitsulo pa boneti, ndipo ku Pakistan lole yosajambulidwa maluwa ndi mbalame imaoneka ngati yamaliseche. Munthu akamaswera m'galimoto tsiku lonse, amafuna izidziwika kuti ndi yake.

Koma pali mfundo imodzi imene ndikufuna muigwiritse musanapitirire: chophimba sichichiza, chimangosunga chimene chapeza. Chikapeza penti wabwino, chimasunga penti wabwino. Chikapeza dzimbiri, mchenga ndi chinyezi, chimasunganso zomwezo, ndipo zimagwira ntchito yake mumdima inu mukuyamikiridwa panjira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

1. Sankhani chophimba molingana ndi vuto lanu

Zilipo zinayi zimene anthu amazisokoneza.

Choyamba ndi chovala chija chooneka ngati chikopa, chimene ogulitsa amachitcha bonnet bra. Si chikopa chenicheni, ndi pulasitiki wochindikala wokhala ndi nsalu yofewa kunsi, ndipo chimakoledwa ndi tingowe m'mphepete mwa boneti. Chinayambira ku California mu 1961 pa magalimoto a Porsche. Chimatchinga miyala bwino kwambiri, chimavalidwa ndi kuvulidwa mosavuta, koma ndichonso chimawononga penti kuposa zonse mukachinyalanyaza.

Chachiwiri ndi deflector, kapulasitiki kolimba kakuda kapena kooneka ngati utsi kamene kamakhala pamlomo pa boneti, kotukuka pang'ono. Kamalandira miyala yogunda pamlomopo ndipo kamakankhira mpweya m'mwamba. Sikateteza boneti yonse.

Chachitatu ndi vinyl, pulasitiki wopyapyala womata amene amasintha mtundu kapena kunyamula zolemba. Alipo wamitundu iwiri. Wotchedwa cast amapangidwa pothira madzimadzi a pulasitiki n'kuwaumitsa, choncho amagonja pamalo opindika ndipo sakhwinyata msanga. Wotchedwa calendered amapangidwa pofinya ndi kukoka pulasitiki pakati pa zitsulo zogudubuzika, ndiye moyo wake wonse amalimbana kuti abwerere mmene analili. Ameneyu ndi wa zikwangwani zathyathyathya. Pa boneti, gulani cast. Dziwaninso kuti vinyl amateteza ku dzuwa ndi tizilombo, koma mwala wamphamvu umamuboola.

Chachinayi ndi PPF, pulasitiki woonekera m'kati wa polyurethane, wochindikala pafupifupi kawiri kuposa vinyl. Anayamba ngati tepi yotetezera mapiko a helikopita ku mchenga pa nkhondo ya ku Vietnam, kampani ya 3M ndiyo inapanga. Ngati vuto lanu ndi miyala ndipo penti akadali wabwino, uyu ndiye mankhwala enieni. Amamatidwa ndi madzi, ndipo kunena zoona si ntchito yophunzirira pa galimoto yanu. Mupatseni mmisiri.

Maganizo anga ndi awa. Woyenda mitunda italiitali m'misewu ya miyala aike PPF, kapena deflector ngati thumba silikulola. Wofuna maonekedwe kapena kuchepetsa kuthobwa m'maso aike vinyl. Chovala chija chikhale cha paulendo, osati cha chaka chonse. Ndipo musaphatikize chovala pamwamba pa vinyl poganiza kuti mwateteza kawiri. Chidzamupukusa.

2. Fufuzani ngati penti wanu angapirire

Tengani maginito. Akakana kumata pa boneti yonse, boneti yanu ndi ya aluminiyamu kapena pulasitiki. Akamata malo ena n'kukana ena, pamenepo panapakidwa phala lija owongola magalimoto amatsekera nalo zibonkho, kutanthauza kuti boneti inapopedwaponso penti.

Zimenezi n'zofunika chifukwa penti wa kufakitale amaumitsidwa ndi moto waukulu ndipo amagwira zolimba, pomwe wopopera pambuyo pake amadalira luso la amene anapopayo. Guluu wa vinyl akhoza kudzazula penti wofooka tsiku lomatula. Yesani chonchi: matani tepi yamphamvu pamalo obisika, monga kunsi kwa mlomo, itsindikizeni, kenaka izuleni mwamsanga. Ikabwera ndi timapenti, musamatepo kanthu.

Ngati boneti yangopopedwa kumene, dikirani masiku osachepera 30, ndipo funsani wopopayo ngati pakufunika oposerapo. Penti watsopano amakhala akutulutsabe mpweya wa mankhwala osungunulira. Mukamutsekera, vinyl amachita matuza ndipo pentiyo sakhwima bwino.

Ngati vanishi wayamba kusupuka ngati khungu la njoka, vinyl adzamata pa zosupukazo osati pa galimoto, ndipo m'mphepete mwa chilichonse mudzaonekera. Imeneyo ndi boneti yofuna wopopera penti, osati sitika.

3. Konzani pansi pake

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "tsukani bwino galimoto" n'kudutsa. Koma ntchito yonse yagona pano. Kumata kumatenga ola limodzi kapena awiri, kukonzekera kumatenga masiku.

Yambani ndi mabala. Imikani vani pamthunzi, tengani tochi, muunike chopendekera kuchokera m'mbali. Timaenje timene simumationa masana tidzaonekera tonse. Zungulizani kalikonse ndi choko kapena kachidutswa ka tepi kuti kasakusowekeni. Kenaka yang'anani mtundu wa pansi pa kadzenje. Potuwa kapena poyera, ndiye kuti pulayimala akadalipo, mwapulumuka. Ponyezimira, chitsulo chili poyera. Pofiirira, dzimbiri layamba.

Pofiirira ponse palani mpaka chitsulo chiwale. Musatenge sandipepa yaikulu n'kukhula dera lonse, mukulitsa bala. Dulani kachidutswa kakang'ono, kamateni kunsonga kwa pensulo, muzipotokola m'kadzenjemo. Mukatero dontheziranimo mankhwala osandutsa dzimbiri, aja amene amadetsa chitsulo akagwira ntchito, ndipo asiyeni nthawi yolembedwa pabotolo. Kenaka pulayimala, kenaka penti. Nambala ya mtundu wa penti wanu imalembedwa pa kachikwangwani kamene kawirikawiri kamakhala pamphuthu ya chitseko kapena m'chipinda cha injini. Ngakhale mudzaphimbe, gwiritsani ntchito mtundu woyenera, poti tsiku lina mudzavundukula.

Kaburashi kobwera m'botolo la penti n'kakakulu kwambiri. Songolani kamtengo ka machesi, kaviikeni, mugunditse pakati pa kadzenje, penti adzayenderera yekha. Pakani mopyapyala, dikirani aume, bwerezani, mpaka atukuke pang'ono kuposa penti woyandikana naye. Akauma masiku angapo, salazani ndi sandipepa ya nambala 2000 yonyowa, mutaikulunga pa kathabwa kakang'ono kosalala. Mukagwiritsa chala chokha, mudzakumba chigwa mozungulira. Chifukwa chovutikira chonchi n'chakuti vinyl sabisa maenje, amawaonetsa. Wakuda wonyezimira ndiye kazitape weniweni, kadontho kalikonse amakaulula.

Tsopano tsegulani boneti muyang'ane kunsi kwa mlomo, pamene chitsulo chakunja chinapindidwira pa chimango cham'kati. Madzi amakhala pamenepo. Mukaona penti watupa ngati matuza koma pamwamba palibe bala, dziwani kuti dzimbiri likuchokera m'kati. Limenelo si la kamtengo ka machesi. Pitani kwa owongola magalimoto. Munthu wina anandiumiriza kuti ndimate pa matuza otere, akuti vani akugulitsa posachedwa. Ndinakana, anakamatitsa kwina. Sanaigulitse, ndipo pomwe ndinadzaionanso, chala chinkalowa pamlomo pa boneti ngati pa papaya lakupsa.

Mabala akatha, tsukani, ndipo kutsuka kwake kuli panayi.

Koyamba ndi sopo. Musagwiritse sopo wa galimoto wolembedwa kuti ali ndi phula lowalitsa, chifukwa phulalo ndilo mdani wa guluu. Sopo wamadzi wotsukira mbale amathandiza pa tsiku lokhali.

Kachiwiri ndi kuchotsa phula la msewu ndi utomoni. Timadontho takuda tija sititsukika ndi sopo, timafuna mankhwala ake osungunulira. Mukatha, tsukaninso ndi sopo popeza mankhwalawo amasiya mafuta.

Kachitatu ndi dongo. Lowetsani dzanja m'kajumbo kopyapyala, musisite boneti imene mukuti yayera. Mudzamva tokhakhala ngati mchenga. Timeneto ndi tizitsulo ta mabuleki ndi fumbi lokanirira mu vanishi. Pali dongo lopangidwa mwapadera lotchedwa clay bar. Nyowetsani malo ndi madzi a sopo, yendetsani dongolo mopepuka, lipindeni likada kuti mbali yoyera ibwere kunja. Likagwa pansi, litayeni, latola mchenga ndipo lidzakanda penti.

Kachinayi ndi spiriti wotchedwa isopropyl, wa 70 peresenti. Gwirani nsalu ziwiri za microfibre, ina yonyowa ina youma. Pukutani ndi yonyowa, tsatirani ndi youma spiritiyo asanauluke. Mukamusiya aume yekha, mafuta amene anasungunula amangokhalanso pomwepo. Ndipo apa mverani bwino: pakati pa boneti aliyense amapukuta, koma vinyl sayamba kumatuka pakati. Amayamba m'mphepete. Pukutani m'mbali monse, m'makona, ndi kunsi kwa mlomo masentimita 3 kapena 5 kulowa m'kati, kumene kumakhala girisi wa loko, utsi wa injini ndi polishi wa zaka zambiri. Bwerezani mpaka nsalu yoyera ibwere yoyera. Kawirikawiri pamafunika katatu.

Mudziwa bwanji kuti phula lowalitsa lija latha? Musanafike pa spiriti womaliza, thirani madzi pang'ono. Akachita timipira, phula likadalipo. Akayala ngati chinsalu, mwatha. Chinanso, tsiku limenelo pasapezeke munthu wopopera mankhwala owalitsa matayala kapena dashibodi pafupi. Ali ndi silikoni, amauluka ndi mphepo, ndipo pamene watera guluu sagwira.

Pomaliza, umitsani. Madzi amabisala m'mipindiro ndi m'timabowo, n'kudzatuluka nthawi imene mwatenthetsa vinyl. Ine ndimatsuka lero, kumata mawa, spiriti ndimapukuta mphindi zochepa ndisanayambe.

4. Chotsani zotchinga, yezani, dulani

Timipopi topopera madzi pagalasi, ngati tili pa boneti, tichotseni chakunsi potsina timano take. Chizindikiro cha kampani chomatidwa chimachoka mukachitenthetsa pang'ono n'kudutsitsa ulusi wa mbedza kuseri kwake ngati mukucheka. China chimakhala ndi timiyendo tolowa m'mabowo, choncho yambani mwasuzumira kunsi. Jambulani chithunzi ndi kuyeza pamene chinali musanachichotse. Osayesa kumata mozungulira zinthu zimenezi, mpata umene mudzasiye ndi khomo la madzi.

Yezani ndi tepi yofewa motsatira kupindika kwa boneti, muonjezere masentimita 10 mbali iliyonse kuti mupeze pogwira. Vinyl wa magalimoto amabwera m'mipukutu ya mamita 1.52 m'lifupi, ndiye boneti ya vani imakwana ndi chidutswa chimodzi. Pewani kulumikiza.

5. Yalani ndi kumata

Injini ikhale yozizira. Malo akhale amthunzi, opanda mphepo, otentha pakati pa madigiri 16 ndi 25. Kukazizira kwambiri vinyl amauma gwa n'kung'ambika, kukatentha amatamuka ngati chingamu ndipo guluu amagwira musanakonzeke. Wazani madzi pansi kuti fumbi lisadzuke. Musavale juzi yaubweya. Ndipo khalani awiri.

Matulani pepala lakuseri lonse, aliyense agwire makona awiri, mukoke mofanana ngati mukuyala nsalu pabedi, kenaka tsitsani pang'onopang'ono. Vinyl wabwino sagwiriratu mpaka mutamutsindikiza, choncho mutha kumunyamula ndi kumuyalanso mpaka makwinya achepe. Nthawi imene mungataye apa mudzaipeza kutsogolo.

Chotsindikizira chake ndi kapulasitiki kathyathyathya kokhala ndi nsalu kumlomo, kotchedwa squeegee. Yambani pakati, mzere umodzi kuchokera kugalasi kutsika kumlomo, kenaka muzikankhira kumbali, mzere uliwonse ukwere theka la unzake. Makwinya akasonkhana kutsogolo kwa squeegee, musawapondereze. Nyamulani vinyl, muombeni mpweya wofunda ndi chida chotulutsa mpweya wotentha chotchedwa heat gun, mudzaona akudziwongola yekha, dikirani azizire pang'ono, pitirizani.

Cholakwa chofala ndi kukoka kwambiri. Kutentha kumapusitsa, vinyl amafewa n'kumalola chilichonse. Koma mukaona mtundu ukuyera kapena kuwala kukusintha, mwapyola. Pamene boneti ili ndi ngalande, mulowetseni vinyl m'ngalandemo ndi chala muli chimunyamulire mbali inayo. Mukamuyala pamwamba ngati mlatho n'kumukankhira pansi ndi moto, mawa lake mudzapeza wadzuka. Thovu la mpweya likatsala, likankheni ndi chala, poti guluu wa vinyl wamakono ali ndi tinjira totulutsira mpweya. Likakana, boolani m'mbali mwake ndi singano, osati mpeni.

6. M'mphepete ndi kutenthetsa komaliza

Ili ndi gawo linanso limene anthu amalidumpha, makamaka chifukwa pofika apa boneti ikuoneka kale bwino ndipo msana ukuwawa.

Dulani motsatira mphepete, kusiya pafupifupi sentimita imodzi yopindira kunsi. Lezala ikhale yatsopano, ndipo muziithyola nsonga pafupipafupi. Dulani m'malere, m'mpata wa pakati pa boneti ndi chitsulo choyandikana nacho. Musadule lezala itagona pa penti. Ine ndinachitapo zimenezi ndikuphunzira, dzanja ndinkati n'lopepuka. Patapita chaka, titamatula, panali mzere wa dzimbiri wowongoka bwino ngati wojambula ndi rula. Ngati mukufuna kudula pakati pa boneti, monga popanga mizere, pali tepi yotchedwa knifeless imene ili ndi ulusi m'kati. Mumaiyala poyamba, vinyl pamwamba, kenaka mumakoka ulusiwo n'kudula kuchokera pansi.

Yambani ndi makona. Tenthetsani pang'ono, kokerani pakona penipeni, kenaka gawani zotsalazo mbali ziwiri kuti pasachite mfundo. Mukamaliza makona, pindani mbali zowongoka, mukutsindikiza ndi chala chovala gulovu yansalu.

Tsopano kutenthetsa komaliza. Vinyl ali ndi chikumbumtima: paliponse pamene mwamukoka amakumbukira kuti anali wathyathyathya, ndipo dzuwa likamuwomba amayesa kubwerera. Kuti aiwale, ayenera kufika pa madigiri apakati pa 90 ndi 100, malinga ndi zimene wopanga analemba pa mtundu umenewo. Werengani pepala lake, safunsa anadya phula. Chowumitsira tsitsi sichifika pamenepo. Dzanja silingayeze. Pamafunika heat gun ndi choyezera kutentha cholozera patali. Yendani pang'onopang'ono m'mphepete monse, m'makona ndi m'ngalande, kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, mukuyeza, kenaka tsindikizaninso. Musaimike moto pamalo amodzi, ndipo tchingani galasi, nyali ndi mapulasitiki ndi katoni. Pakati pathyathyathya pamene simunakoke sipafuna zimenezi.

Boolani malo a timipopi ndi kabowo kakang'ono, pindirani m'kati, bwezeretsani zonse. Vani igone m'nyumba usiku umenewo, ndipo isatsukidwe kwa mlungu. M'mawa yenderani m'mphepete ndi chala. Pamene padzuka, tenthetsani ndi kutsindikiza fumbi lisanalowe, chifukwa likalowa mpata watha.

7. Ngati mwasankha chovala kapena deflector

Gawo 3 likukukhudzaninso, kupatula kuti pansi pa chovala phula lowalitsa ndi labwino, pakani. Gulani chosokedwera mtundu ndi chaka cha vani yanu. Chiyanikeni padzuwa kanthawi kuti chifewe, chivekeni, kokani mpaka chithine. Chovala chokhwepa chimakupiza pa liwiro, ndipo kamchenga kalikonse kolowa pansi pake kamasanduka sandipepa.

Lamulo lake ndi limodzi: chikanyowa, chivuleni. Chiume pachokha, boneti iume payokha. Ngakhale kopanda mvula, chivuleni mlungu uliwonse, kutumulani mchenga, tsukani pansi. Chinyezi chotsekeredwa pa boneti yotentha chimachititsa vanishi kuchita mtambo woyera, ndipo penti wobisika sasuluka mofanana ndi wapadzuwa, ndiye mukadzavula patapita zaka mudzapeza boneti ya mitundu iwiri. Amene akudziwa kuti sangakwanitse mwambo umenewu asagule.

Deflector isakhudze penti. Imabwera ndi timabampa ta labala ndi timapepala tomata poika tingowe, musatitaye. Pakhale mpata wolowa nsalu. Sankhani yosafuna kuboola, ndipo ngati mwaboola, pakani penti m'bowolo musanamange. Mukatha kuika chilichonse mwa ziwirizi, tsekani boneti n'kuikoka m'mwamba mwamphamvu kuti mutsimikize kuti loko wagwira. Boneti yotseguka galimoto ili pa liwiro imaphimba galasi lonse.

8. Zolemba ndi zokongoletsa

Boneti si malo olembapo nkhani. Woiona akubwera kutsogolo kwanu ndipo ali ndi kamphindi chabe. Dzina kapena chizindikiro n'chokwanira, manambala a foni apite m'mbali ndi kumbuyo. Olemba zikwangwani amati masentimita 2.5 a kutalika kwa chilembo amawerengeka bwino pa mtunda wa mamita 3, ndiye werengerani nokha. Kumbukiraninso kuti woyendetsa galimoto ya patsogolo panu amakuonerani pagalasi loonera kumbuyo, n'chifukwa chake ma ambulansi ambiri amalemba dzina lawo chotembenuza pa boneti.

Poika zilembo, pezani pakati poyeza kuchokera m'mphepete zonse ziwiri, osati ndi diso. Gwirizitsani ndi tepi ya pepala, bwererani m'mbuyo mamita angapo, yang'anani. Mukakhutira, matani tepi yaitali pakati ngati hinjesi, matulani theka limodzi n'kulitsindikiza, kenaka linalo.

Vinyl wonyezimira ngati kalilole pa boneti ndi chilango kwa inu ndi kwa okumana nanu. Zikwangwani za maginito zimauluka. Zidole zachitsulo, nyanga ndi zina zosongoka zomangidwa ndi mabawuti zimang'amba munthu woyenda pansi pa ngozi imene akanangopulumuka ndi mikwingwirima. Si mwangozi kuti nyenyezi yoimirira ya Mercedes imapindika pa sipuling'i ndipo kachifanizo ka Rolls-Royce kamalowa pansi kakagundidwa. Musatseke mipata yolowera mpweya ku rediyeta, kapena ya pansi pa galasi. Mavani atsopano ena ali ndi radar kapena kamera kutsogolo, nthawi zina kuseri kwa chizindikiro cha kampani, ndipo sitika pamenepo ikhoza kusokoneza mabuleki odzigwira okha.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Britain, mwachitsanzo, mtundu wa galimoto ukasintha umayenera kudziwitsa a DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto kumeneko, kuti akonze zikalata. Boneti yokha kawirikawiri siisintha mtundu wa galimoto yonse, komabe funsani ofesi yoona za pamsewu kwanuko ndi a inshuwalansi, ndipo pewani mitundu ndi mizere yofanana ndi ya apolisi kapena ambulansi.

9. Kusamala ndi kumatula

Tsukani ndi manja. Ngati mukugwiritsa mpopi wamphamvu, khalani patali masentimita osachepera 30 ndipo musalozetse madzi m'mphepete. Zitosi za mbalame chotsani tsiku lomwelo poikapo nsalu yonyowa mpaka zifewe. Vinyl wosawala sapakidwa polishi, amachita mawanga onyezimira osachoka.

Zaka zimene zimalembedwa pa katoni nthawi zambiri zimanena za m'mbali mwa galimoto. Boneti imayang'ana kumwamba ndipo ili ndi injini pansi, choncho vinyl wake amakalamba msanga kwambiri. Mukaona wayamba kufiirira, kuuma kapena kuchita timing'alu, mumatuleni mwezi womwewo. Akadali wamoyo amachoka chinsalu chimodzi: mutenthetseni mpaka afunde bwino m'manja, nyamulani kona ndi chikhadabo kapena kapulasitiki, kokani pang'onopang'ono chogonetsa, osati choimika. Mukachedwa chaka china, adzachoka tizidutswa tonga zikhadabo, ndipo ntchito ya theka la ola idzadya masiku awiri. Guluu wotsalira amachoka ndi mankhwala ochotsera guluu, kenaka sopo. Pamene panali zilembo padzatsala chithunzithunzi chake, popeza penti wozungulira anasuluka pomwe wapansi pa zilembo anasungika. Polishi wokhakhala pang'ono amachepetsa kusiyanako, ndipo kotsalako dzuwa limafananiza pakapita miyezi.